Funsani Tikuyankheni: Ndani amalipira ntchito yosunga ziwerengero za zaumoyo m'zigawo za ku America?

Mafunso a mwezi uno akukhudza mabungwe a maboma a zigawo za dziko la United States amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa ziwerengero za zaumoyo, makamaka nkhani ya kumene amapeza ndalama. Ayankha ndi alembi athu oona za chuma cha boma ndi kayendetsedwe ka zipatala.

Ndimagwira ntchito ya unamwino kufupi ndi Boston. Pamsonkhano wa ogwira ntchito anatiuza kuti chipatala chathu chimapereka ndalama chaka ndi chaka zoyendetsera bungwe la boma lotchedwa CHIA. Bungweli silichiza munthu, siligawa mankhwala. Limachita chiyani, nanga chipatala chizilipiriranji? — Namwino, Massachusetts

Mayi, dzina lonse la bungweli ndi Center for Health Information and Analysis, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la chigawo cha Massachusetts la mu 2012 lotchedwa Chapter 224. Ntchito yake ndi kudziwa kuti ndalama za zaumoyo m'chigawomo zikupita kuti. Wodwala akagonekedwa pa wodi yanu n'kutuluka, chipatala chimatumiza ku CHIA mbiri yachidule ya kugonekedwako: matenda, chithandizo, masiku amene wakhala, ndi amene akulipira. Nawo makampani a inshulansi amatumiza mabilu amene alipira kwa madokotala, zipatala ndi ogulitsa mankhwala. Mabilu amenewa amalowa m'nkhokwe imodzi ya pa kompyuta, imene kumeneko amaitchula mwachidule kuti APCD.

Lamulo lomwelo linaika malire a kukwera kwa ndalama zonse za zaumoyo m'chigawomo: 3.6 peresenti pachaka kuyambira 2013 mpaka 2017, kenako 3.1 peresenti kuyambira 2018 mpaka 2022. Malire otere sangagwire ntchito popanda wina woyeza, ndipo woyezayo ndi CHIA. Chaka chilichonse imatulutsa lipoti losonyeza ngati chigawo chadutsa malirewo, ndi mbali imene yakoka kwambiri, kaya ndi mankhwala, kaya ndi zipatala.

Za kulipira zimayenda motere. Aphungu a chigawo amavomereza ndalama zimene bungweli ligwiritse ntchito chaka chimenecho. Kenako ndalamazo zimabwezedwa ku boma kuchokera kwa zipatala ndi malo ochitira maopaleshoni mbali imodzi, ndi makampani olipira mabilu mbali inayo (magulu ena olipira anawonjezedwa mu 2025). Gawo la chipatala chilichonse limatengera kukula kwa ndalama zimene chimalipiritsa odwala poyerekeza ndi zipatala zonse pamodzi. Pa 1 Okutobala chipatala chimapereka kaye theka la zimene chinapereka chaka chapita, zotsala zimamalizidwa kuwerengetsa kukatha. Maganizo ake ndi akuti amene akudya pa msika wa zaumoyo ndiwo alipire mtengo wowunikira msikawo, osati mlimi kapena woyendetsa basi kudzera mu msonkho wamba. Tisabise: pamapeto pake ndalamazo zimachokerabe kwa odwala ndi olipira inshulansi, popeza chipatala chimaziwerengera m'mitengo yake. Kusiyana kwake ndi kwakuti ndi kachigawo kochepa zedi pa ndalama za chipatala, ndipo kamafika chaka chilichonse mosadalira kuti bajeti ya chigawo yathina kapena ayi.

Ndikuphunzira zowerengera ndalama za boma. Kodi thumba lapadera limasiyana bwanji ndi ndalama zimene bungwe limalandira kuchokera mu bajeti? Zonse si za boma? — Wophunzira, Blantyre

Zonse ndi za boma, koma zimadutsa njira zosiyana. Kwathu kuno mumadziwa Account Number One, kumene misonkho yambiri imathiridwa, ndipo unduna uliwonse umadikira gawo lake kuchokera kumeneko. Zigawo za ku America nazonso zili ndi thumba lalikulu lotero, General Fund. Bungwe lodalira thumba limeneli limapikisana chaka chilichonse ndi sukulu, ndende, apolisi ndi misewu. Pafupifupi zigawo zonse zili ndi lamulo loti bajeti isapose ndalama zolowa, choncho chuma chikagwa, kudula kumabwera msanga. Pamenepo ofesi yosunga ziwerengero ndiyo yosavuta kuidula, chifukwa palibe mayi amene angapite pa wailesi kukadandaula kuti nkhokwe ya mabilu yachedwa.

Thumba lapadera limafanana ndi levi ya misewu imene imadulidwa pa lita iliyonse ya mafuta n'kupita ku Roads Fund Administration. Lamulo limatchula kumene ndalama zichokere ndi ntchito imodzi imene zigwire. Chigawo cha Maine ndi chitsanzo chakale: Maine Health Data Organization inakhazikitsidwa mu 1996, imayendera ndalama zodulidwa kwa zipatala, opereka chithandizo ena ndi makampani a inshulansi, ndipo kuyambira 2003 yakhala ikusunga mabilu a olipira onse. Ku California kuli California Health Data and Planning Fund, kumene zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba zimapereka ndalama yosapitirira 0.035 peresenti ya ndalama zoyendetsera ntchito zawo pachaka. Chipatala chogwiritsa ntchito madola 200 miliyoni pachaka sichingapereke zoposa madola 70,000.

Mukamawerenga lamulo la thumba lotere, musakhutire ndi dzina lake. Funsani kaye ngati ndalama zotsala pakutha kwa chaka zimakhalabe m'thumbamo kapena zimabwerera ku thumba lalikulu. Ku Maine zimapitirira chaka chotsatira, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa kontirakiti yomanga nkhokwe ya pa kompyuta imatenga zaka zingapo, pamene chaka cha boma m'zigawo zambiri chimatha pa 30 Juni. Ndalama zikamabwezedwa chaka ndi chaka, bungwe limakakamizika kugula zinthu mothamanga m'mwezi wa Meyi kuti zisapite, n'kusowa zolipirira ntchito yeniyeni mu Seputembala. Funsaninso ngati chiwongoladzanja cha ndalama zosungidwazo chimatsala m'thumbamo. Ndipo dziwani kuti m'zigawo zambiri, ngakhale ndalama zikhale m'thumba, bungwe silingazikhudze aphungu asanavomereze mu bajeti ya chaka chimenecho. Zimachitika ndithu kuti thumba lili ndi ndalama koma bungwe likulephera kulemba ntchito katswiri mmodzi chifukwa chilolezo chogwiritsira ntchito ndalamazo n'chochepa, kapena chigawo chaimitsa kulemba anthu ntchito m'maofesi onse a boma.

Choopsa chachikulu ndi kusesa. Bajeti ikaperewera, aphungu amatha kulemba mzere umodzi m'lamulo la bajeti wosamutsa zotsala za m'matumba apadera kupita ku thumba lalikulu, nthawi zina n'kuzitcha ngongole. Nyumba ya malamulo imene inamanga thumba ili ndi mphamvu yolitsegula. N'chifukwa chake mabungwe odziwa bwino ntchito sasunga ndalama zambiri zongokhala: amasunga zokwanira miyezi yochepa, zina zonse amazimangirira ku makontirakiti osainidwa kale, kapena amatsitsa levi ya chaka chotsatira.

Amawerengetsa bwanji kuti aliyense apereke zingati? Ndipo chimalakwika n'chiyani? — Mlangizi wa za misonkho, Lusaka

Bambo, tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti njira ioneke. Bungwe lavomerezedwa kugwiritsa ntchito madola 10 miliyoni. Likuyembekeza kupeza 1 miliyoni pogulitsa ziwerengero kwa ofufuza, 2 miliyoni kuchokera ku boma lalikulu la ku Washington, ndipo latsala ndi 500,000 ya chaka chatha. Zimenezi zimachotsedwa kaye, n'kutsala 6.5 miliyoni yoti igawidwe. Ngati lamulo likuti theka kwa zipatala, theka kwa a inshulansi, mbali iliyonse isenza 3.25 miliyoni. Chipatala chimene ndalama zake ndi 4 peresenti ya ndalama za zipatala zonse chidzalandira bilu ya madola 130,000. Kampani ya inshulansi yokhala ndi 30 peresenti ya msika idzalipira 975,000.

Zolakwika zimayambira pa maziko owerengetsera. Ku America mtengo umene chipatala chimalemba pa bilu ndi wosiyana kwambiri ndi ndalama imene chimalandiradi, chifukwa a inshulansi amakambirana mitengo yawo yotsika. Mukawerengetsa potengera mtengo wolembedwa, chipatala chokonda kulemba mitengo yokwera chimalipira zambiri ngakhale chisalandire zambiri. Mukatengera ndalama zolandiradi, muyenera kudikira mabuku olondolozedwa ndi maodita, amene amafika mochedwa ndi chaka kapena kuposa, ndiye bilu ya lero imachokera pa manambala akale. Chipatala chikatsekedwa kapena kugwa m'ngongole pakati pa chaka, gawo lake limasowa, ndipo lamulo liyenera kunena ngati anzake agawane kapena bungwe lichepetse ntchito. Malamulo ambiri amakhala chete pamenepa.

Vuto lina ndi malire oikidwa m'manambala enieni. Lamulo likanena kuti levi yonse isapitirire ndalama yakutiyakuti, popanda kuilola kukwera limodzi ndi mitengo ya zinthu, pakapita zaka khumi ndalamayo siikwaniranso malipiro a akatswiri a makompyuta, amene makampani amawalanda ndi malipiro okwera. Kubwereranso kwa aphungu kukapempha kuti malire akwere kumatsegula mpata woti olipirawo akambirane lamulo lonse mwatsopano. Malire a peresenti, ngati a ku California, amakula okha limodzi ndi msika.

Chomaliza, msika umasintha koma mndandanda wa olipira umakhalira womwewo. Ndalama zambiri tsopano zikudutsa kwa opanga mankhwala ndi makampani apakati amene amayendetsa mabilu a mankhwala. Massachusetts inakonza zimenezi ndi malamulo amene bwanamkubwa Maura Healey anasainira mu Januwale 2025, amene anawonjezera magulu amenewa pa olipira.

Madola mamiliyoni onsewo amathera pati? Si kungolandira mafayilo n'kuwasunga? — Wokonza makompyuta, Johannesburg

Achimwene, kusunga ndiye kotchipa. Chodula ndi kuyeretsa. Mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse kampani ya inshulansi imatumiza mafayilo angapo: mndandanda wa anthu ake, mabilu a chithandizo, mabilu a mankhwala, nthawi zina a mano, ndi mndandanda wa madokotala. Fayilo iliyonse imayesedwa isanalowe. Ngati malo ochuluka a nambala ya matenda ali opanda kanthu, kapena ndalama zonse za mwezi zatsika ndi theka popanda chifukwa, fayilo imabwezedwa. Bilu imodzi imatha kufika katatu: yoyamba, yoifafaniza, ndi yokonzedwa. Wosadziwa kulumikiza zitatuzi amawerenga opaleshoni imodzi ngati itatu, ndipo lipoti limanena kuti mitengo yakwera pamene siinakwere. Munthu mmodzi akasintha ntchito amasinthanso inshulansi, dzina n'kulembedwa mosiyana pang'ono. Pamafunika makina ndi anthu otsimikiza kuti ndi yemweyo, apo ayi simungatsate wodwala shuga kwa zaka zisanu. Mabilu amachedwanso: chithandizo cha mu Disembala chimatha kulipidwa mu Epulo, choncho bungwe limadikira miyezi ingapo lisanatseke chaka.

Gawo lalikulu la bajeti limapita kwa kampani ya kontirakiti yochita ntchito imeneyi, ku chitetezo cha nkhokwe, ndi kwa akatswiri osanthula. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri poganiza kuti nkhokwe ndi nyumba, imene ukamanga watha. California inapatula madola 60 miliyoni kamodzi kuchokera ku thumba lalikulu mu 2018 kuti imange nkhokwe yake ya mabilu, ndipo malipoti oyamba anatuluka mu 2023. Ndalama yoperekedwa kamodzi imatha, koma mafayilo sasiya kubwera. Choncho funso la ndalama zoyendetsera chaka ndi chaka linafunikabe yankho lake, ngakhale lamulo la mu 2020 linali litakhazikitsa kale thumba lotchedwa Health Care Payments Data Fund. Kulemba dzina la thumba m'lamulo sikulidzaza; pamafunika kutchulanso mtsinje woti uzithiramo.

Bwanji bungwe lisamangodzilipirira pogulitsa ziwerengero zake, kapena kupempha thandizo kwa mabungwe achifundo ndi boma lalikulu? — Mayi wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu, Lilongwe

Zonse zitatu zimachitika, ndipo zimathandiza ngati ndiwo, osati ngati nsima. Ogula ziwerengero ndi mayunivesite, zipatala ndi makampani, ndipo ndalama zake zimakwera ndi kutsika malinga ndi kafukufuku amene alipo chaka chimenecho. Mukakweza mtengo kuti ulipire ntchito yonse, mumathamangitsa anthu amene nkhokweyo inamangidwira: wophunzira, mtolankhani, kagulu ka odwala. Bungwe limayambanso kukonza ntchito yake motsata zofuna za wogula wamkulu.

Ku Colorado nkhokwe imayendetsedwa ndi bungwe losachita phindu lotchedwa CIVHC, limene linasankhidwa ndi chigawo mu 2010. Zaka zoyamba linadalira mabungwe achifundo a m'chigawomo, The Colorado Trust ndi Colorado Health Foundation. Achifundo amakonda kuyambitsa, sakonda kulipira magetsi kwa zaka makumi awiri, ndipo patapita nthawi chigawo chinayenera kuikapo ndalama zake. Ku Pennsylvania, bungwe la ziwerengero za zaumoyo la PHC4, lokhazikitsidwa mu 1986, limadalira bajeti ya chigawo ndi malonda a ziwerengero, ndipo lamulo lake linali ndi tsiku lothera. Mu 2008 tsikulo linafika aphungu asanagwirizane, bungwe linatseka zitseko kwa masiku angapo mpaka bwanamkubwa analamula kuti litsegulidwe. Mu 2014 lamulo linathanso, bungwe n'kumayendera chilolezo cha bwanamkubwa mpaka 2020. Antchito aluso sakhala pamalo otere, ndipo zipatala zikaona kuti bungwe lingathe mawa zimayamba kuchedwetsa mafayilo.

Ndalama za boma lalikulu zodalirika kwambiri zimadzera ku Medicaid, inshulansi ya anthu osauka imene Washington ndi zigawo amalipira limodzi. Pomanga makina atsopano ovomerezedwa, boma lalikulu limapereka 90 pa 100 iliyonse. Poyendetsa makinawo limapereka 75. Pa ntchito wamba za muofesi limapereka theka. Koma limalipira gawo lokhalo la nkhokwe limene likutumikira Medicaid. Ngati anthu a Medicaid ndi mmodzi mwa anayi a m'nkhokwe, kawirikawiri ndi gawo ngati limenelo limene lingawerengedwe, ndipo chigawo chiyenera kulemba ndondomeko yosonyeza m'mene chagawira mtengo. Kuti mulandire 90 muyenera kukhala ndi 10 yanu, yochokera ku gwero lololedwa. Apa thumba lapadera limagwira ntchito iwiri: limayendetsa bungwe ndipo limakoka ndalama zina.

Thandizo lina la ku Washington limabwera ndi mliri n'kupita nawo. Mu 2020 lamulo la CARES linapereka madola 500 miliyoni ku CDC, bungwe la boma lalikulu loona za matenda, okonzera makina a ziwerengero za matenda. Mu Malichi 2025 boma linalengeza kuti likuthetsa thandizo la madola oposa 11 biliyoni la nthawi ya COVID-19 limene linkapita ku maofesi a zaumoyo a zigawo. Zigawo zoposa makumi awiri zinapita kukhoti, koma wantchito amene malipiro ake anali pa thandizolo sakanadikira chigamulo.

Ngati zipatala ndi a inshulansi ndiwo amalipira bungwe lowayang'anira, si kumusiyira fisi khola la mbuzi? — Mphunzitsi wopuma pantchito, Mzuzu

Nkhawa yanu ndi yoona, bambo, ndipo yankho lake lili m'kalembedwe ka lamulo. Levi iyenera kukhala yokakamiza, yowerengetsedwa ndi njira yolembedwa, kuti pasakhale wolipira amene angaopseze kuti asiya kupereka lipoti likamuipira. Ndalama zikhale zodutsa ku boma, osati kuchoka m'manja mwa chipatala kupita kwa mkulu wa bungwe. Komiti yoyendetsa ikhale yosakanikira. Ku Maine m'komiti muli oimira odwala ndi ogula, olemba anthu ntchito, a inshulansi, opereka chithandizo ndi boma. Ku Massachusetts mkulu wa CHIA amasankhidwa ndi akuluakulu atatu, bwanamkubwa, mkulu wa zamalamulo ndi mkulu wolondoloza ndalama za chigawo, onse osankhidwa paokha ndi anthu, kuti asakhale munthu wa mmodzi.

Kumene mphamvu ya olipira imaonekera kwenikweni si pa kusintha manambala ayi. Imaonekera pa zimene zimaloledwa kutuluka: kodi lipoti litchule chipatala ndi dzina, kodi mitengo imene kampani iliyonse ya inshulansi inagwirizana ndi chipatala ionekere poyera kapena ibisidwe ngati chinsinsi cha malonda. New Hampshire inayamba kuonetsa mitengo yotere pa intaneti mu 2007 kudzera pa NH HealthCost, ndipo Maine ili ndi CompareMaine. Zigawo zina zili ndi nkhokwe zazikulu koma anthu wamba saonapo kanthu.

Komanso ndalama zokhazikika sizilowa m'malo mwa chilango. Kampani ya Steward Health Care, imene inali ndi zipatala zingapo ku Massachusetts, inakana kwa zaka zambiri kupereka mabuku ake onse a zachuma ku CHIA. Nkhani inafika kukhoti, woweruza anagamula mokomera CHIA mu 2023, kampaniyo n'kuchita apilo. Mu Meyi 2024 inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo zipatala zake ziwiri m'chigawomo zinatsekedwa chaka chomwecho. Chindapusa cha kuchedwetsa malipoti chinali madola 1,000 pa sabata, ndalama imene kampani yaikulu siimva n'komwe. Lamulo la mu 2025 linachikweza kufika pa 25,000 pa sabata. CHIA inali ndi bajeti yake nthawi yonseyi, koma mabuku amene akanachenjeza anthu msanga siinawapeze.

Ndinamva kuti nkhokwe zimenezi zilibe anthu onse. N'zoona? — Wowerenga, South Bend

N'zoona. Makampani akuluakulu ambiri sagula inshulansi ya antchito awo. Amalipira mabilu kuchokera m'thumba lawo, n'kulemba kampani ina yongoyendetsa mapepala. Makonzedwe amenewa ali pansi pa lamulo la boma lalikulu la mu 1974 lotchedwa ERISA. Pa 1 Malichi 2016, pa mlandu wa Gobeille ndi Liberty Mutual wochokera ku Vermont, khoti lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza 6 kwa 2, kuti chigawo sichingakakamize makampani otere kutumiza mabilu awo. Antchito oposa theka la amene ali ndi inshulansi ya kuntchito ali m'gulu limeneli, choncho dzenje lake ndi lalikulu. Zigawo zimangopempha kuti makampani atumize mwa kufuna kwawo, ndipo ena amatero. Mukamawerenga lipoti la mitengo, yang'anani pamene afotokoza kuti ndi anthu angati pa 100 amene alimo. Osakhala ndi inshulansi, olipira okha pawindo, nawonso salowa m'mabilu amenewa.

Mbiri ya matenda anga ikalowa m'nkhokwe yotere, ndine wotetezeka? — Mayi wa ana atatu, Leeds

Maina, manambala a foni ndi zina zotero zimachotsedwa kapena kusandutsidwa manambala achinsinsi. Malamulo ochokera ku HIPAA, lamulo la boma lalikulu la mu 1996 lokhudza zinsinsi za odwala, amatchula zizindikiro 18 zoyenera kuchotsedwa. Malipoti ambiri sasonyeza nambala ngati anthu ake ndi ochepera 11, poopa kuti m'kamudzi kakang'ono aliyense angadziwe kuti ndi ndani. Kusamala kumeneku kunaphunziridwa movutikira. M'zaka za m'ma 1990, Latanya Sweeney, ali wophunzira ku yunivesite ya MIT, anatenga ziwerengero za chipatala za antchito a boma la Massachusetts zochotsedwa maina, n'kuzilumikiza ndi kaundula wa ovota wa mzinda wa Cambridge. Ndi tsiku lobadwa, dera la positi ndi kuti ndi mwamuna, anapeza mbiri ya bwanamkubwa William Weld.

Izi zikukhudzana ndi ndalama mwachindunji. Komiti yowunika aliyense wopempha ziwerengero, mapangano oletsa kuzigawa, malo otetezedwa a pa kompyuta amene wofufuza amagwiriramo ntchito osatulutsa fayilo, kuyesa chitetezo chaka chilichonse: zonsezi ndi zodula ndipo sizioneka. Bajeti ikadulidwa mwadzidzidzi, lipoti lapachaka limatulukabe chifukwa aphungu amalidikira, koma kuyesa chitetezo kumaimitsidwa mwakachetechete.

Kodi njira imeneyi ingagwire ntchito kuno? — Wogwira ntchito ku ofesi ya zaumoyo ya boma, Zomba

Osati m'mene ilili. Njira ya ku America imadalira msika waukulu wa inshulansi ndi zipatala zolipiritsa, pamene kuno anthu ambiri amalandira chithandizo ku zipatala za boma ndi za CHAM, ndipo a inshulansi ndi ochepa. Kudula levi kwa iwo okha sikungadzaze thumba. Ziwerengero zathu zimachokera m'marejisitala a kuchipatala n'kulowa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku yunivesite ya Oslo, komanso m'kafukufuku wa m'makomo wa DHS amene National Statistical Office yachita kuyambira 1992, womaliza mu 2024. Pulogalamu ya DHS inkalipiridwa kwambiri ndi USAID, ndipo kontirakiti yake inathetsedwa mu Febuluwale 2025. Funso lanu lafika nthawi yake.

Chitsanzo chapafupi cha thumba lapadera ndi levi ya Edzi ya ku Zimbabwe, imene inayamba kudulidwa mu 2000: 3 peresenti yowonjezera pa msonkho umene munthu wolembedwa ntchito kapena kampani ikulipira, yoyendetsedwa ndi National AIDS Council. Inakhalapo zaka zonsezi, koma kukwera kwa mitengo kwa mu 2008 kunaisandutsa ndalama yopanda mphamvu mpaka dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, ndipo anthu ogwira ntchito zosalembetsa salipira. Kwa ife phunziro lake ndi lachindunji, popeza maseva, malayisensi ndi matabuleti amagulidwa ndi ndalama zakunja pamene levi ingabwere m'makwacha.

Ngati pangakhale thumba la zaumoyo lochokera ku levi iliyonse, chotheka ndi kulemba m'lamulo lake peresenti yokhazikika ya ntchito ya ziwerengero, yosabwerera ku Account Number One pakutha kwa chaka pa 31 Malichi, ndi lipoti la odita lopita ku nyumba ya malamulo. Musanatchule peresentiyo, werengetsani kaye mtengo weniweni wa chaka chimodzi: malipiro a makalaliki a ziwerengero pa chipatala chilichonse, kusindikiza marejisitala, bandulo ya intaneti, magetsi a dzuwa, kulowetsa matabuleti atsopano m'malo mwa akufa pakapita zaka zitatu kapena zinayi, mafuta oyendera zipatala kukafananiza zolembedwa m'rejisitala ndi zimene zili mu DHIS2, ndi gawo limodzi mwa asanu la mtengo wa kafukufuku wamkulu wa m'makomo, kuti chaka chake chikafika ndalama ikhale ilipo kale.